Machona a m'makomboni ndi reji yobiriwira

Ku Matero, ku Chawama ndi ku George kuli mabanja ambiri amene agogo awo anachokera ku Nyasaland. Anabwera kudzafuna ntchito, makamaka m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, pomwe malire sanali ovuta kudutsa. Ena ankaphika m'mayadi a azungu, ena ankamanga nyumba, ena ankasoka zovala. Pochoka kwawo ankati abwerera akagula njinga ndi makina osokera. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha machona.

Mu 1964 zinthu zinasintha. Malawi analandira ufulu pa 6 July, Zambia pa 24 October. Munthu amene dzulo anali wantchito chabe anadzuka ali mlendo. Boma litayamba kupereka ma reji, kusiyanako kunaonekera m'thumba: yobiriwira ya nzika, yapinki kapena yabuluu ya obwera. Mwayi wolembetsa unzika unalipo, koma lamulo silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri. Kutenga Zambia kunali kutaya Malawi, kumene kunali manda a makolo ndi munda umene ankayembekeza kudzalima atakalamba. Choncho ambiri anasankha kukhala ndi pemiti basi, poganiza kuti bola akugwira ntchito ndipo palibe amene akuwavutitsa.

Zaka za m'ma 1990 zinaonetsa kuti funso lakuti "kwanu n'kuti?" likhoza kusanduka chida. Mu 1994 boma la a Frederick Chiluba linathamangitsira ku Malawi a William Banda ndi a John Chinula, andale a chipani cha UNIP, ponena kuti si a kuno. A Chinula anamwalirira komweko. Mu 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti wopikisana pa upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri ndi a ku Zambia. Aliyense anadziwa amene ankamutchera msamphawo: a Kenneth Kaunda, obadwira ku Lubwa, m'boma la Chinsali, mu 1924, kwa makolo ochokera ku Nyasaland. Mu 1999 khoti lalikulu ku Ndola linagamula kuti a Kaunda si nzika ya Zambia, munthu amene analamulira dzikoli zaka 27. Nkhaniyo inathera ku Supreme Court mu 2000, unzika wawo n'kutsimikizidwa. Koma m'makomboni phunziro linali litamveka kale. Ngati a Kaunda angafunsidwe mapepala, nanga telala wa ku Kalingalinga?

Chimene chinkamanga agogo manja chinachoka mu January 2016, pomwe a Edgar Lungu anasainira malamulo atsopano olola unzika wa mayiko awiri. Nyumba ya malamulo ya Malawi nayo inavomereza zomwezo kumapeto kwa 2018. Lero munthu wa zaka 18 kapena kuposa, amene wakhala muno movomerezeka zaka 10 mosadukiza, akhoza kupempha unzika ku Citizenship Board of Zambia popanda kukana kwawo.

Nanga bwanji ena akadali ndi pemiti? Zifukwa zake n'zomveka. Kulembetsa kumafuna ndalama, mapepala ndi maulendo a ku maofesi, pomwe pakhomo pakufunika unga ndi malasha. Ena mapepala a makolo awo anaola ndi madzi osefukira a ku Kanyama. Ena amaopa kuti akapita kukafunsa adziulula okha.

Komabe tiyeze bwino mbali zonse. Pemiti imakulolani kukhala ndi kugwira ntchito, koma simuvota, simutenga pasipoti ya Zambia, ndipo amene anaipereka akhoza kuilanda. Chachikulu ndi ana. Malamulo amati mwana ndi nzika pobadwa ngati kholo limodzi linali nzika pa nthawiyo. Kubadwira ku Mtendere pakokha sikukwanira. Vutoli limabisala mpaka mwanayo atakwanitsa zaka 16, pa tsiku lokatenga reji, akafunsidwa mudzi, mfumu ndi reji ya makolo.

Agogo anazengereza chifukwa ankayenera kutaya dziko limodzi. Ife mtengo umenewo sitilipiranso. Ngati m'nyumba mwanu muli reji yomwe si yobiriwira, itulutseni m'sutikesi, mukhale pansi ndi banja, mukambirane akuluakulu odziwa mbiri yanu akadali moyo.