Moyo wa m'maparishi a Katolika m'chigwa cha Shire

Maparishi a Mpingo wa Katolika a m'chigwa cha mtsinje wa Shire ali pansi pa Dayosizi ya Chikwawa, yomwe imatumikira maboma a Chikwawa ndi Nsanje komanso mbali ina ya boma la Thyolo. Likulu la dayosiziyi lili pa boma la Chikwawa, pomwe pali tchalitchi chachikulu cha St Michael. Maparishi ena odziwika ali pa Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo kutsidya la kum'mawa kwa Shire kuli parishi ya Muona, yomwe anthu ambiri amangoti ku Fatima.

Ngakhale nyumba ya ansembe imakhala pa tauni yaing'ono kapena pa mishoni, akhristu ochuluka a parishi iliyonse amakhala m'midzi yakutali. Ansembe ndi ochepa ndipo sangafike m'matchalitchi onse sabata iliyonse. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya pa sabata imagwiridwa ndi akhristu eni ake kudzera m'miphakati ndi m'mabungwe osiyanasiyana.

Mbiri

Amishonale a chipani cha Montfort analowa m'dziko la Malawi m'chaka cha 1901 kudzera pa Port Herald, lomwe ndi dzina lakale la Nsanje. Iwo sanakhazikike kuchigwako nthawi imeneyo, koma anapitirira mpaka ku Nzama m'boma la Ntcheu. Mishoni ya Chikwawa inatsegulidwa mu 1918 ndipo ya Nsanje inatsatira mu 1921. Dayosizi ya Chikwawa inakhazikitsidwa pa 22 Malichi 1965, itadulidwa kuchoka ku Arkidayosizi ya Blantyre. Episkopi woyamba anali Eugen Vroemen wa chipani cha Montfort. Mu 1979 udindowu unapita kwa Felix Mkhori, amene anautumikira mpaka 2001 pamene anasamukira ku Lilongwe, ndipo mu 2003 anasankhidwa Peter Musikuwa.

Mpingo unapeza anthu a kuchigwa ali kale ndi chipembedzo chawo champhamvu cha Mbona, chomwe kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Wansembe wina wa Montfort wochokera ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, atagwira ntchito m'derali anafufuza za chipembedzochi kwa zaka zambiri ndipo mu 1992 anatulutsa buku lotchedwa River of Blood.

Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, makamaka kuyambira 1986, anthu ambirimbiri anathawira ku Nsanje ndi Chikwawa. Ambiri a iwo ankayankhula Chisena ngati eni dera ndipo ena anali Akatolika, choncho matchalitchi a m'malire anadzaza ndi alendo kufikira nkhondo itatha mu 1992 ndi anthu kuyamba kubwerera kwawo.

Mmene parishi imagawidwira

Parishi imatsogoleredwa ndi wansembe wotchedwa bambo mfumu, amene nthawi zambiri amakhala ndi womuthandiza mmodzi kapena awiri. Pansi pa tchalitchi cha pa likulu pali matchalitchi ang'onoang'ono otchedwa nthambi, ndipo nthambi iliyonse imagawidwa m'miphakati. Mphakati, womwe m'madera ena a Malawi amautcha limana, ndi gulu la mabanja a Katolika okhala moyandikana. Uli ndi dzina la woyera mtima amene anthu ake anasankha, wapampando, mlembi ndi msungichuma.

Ndondomeko ya miphakati si yakale kwambiri. Inakula m'zaka za m'ma 1970, pamene maepiskopi a kum'mawa kwa Africa a m'bungwe la AMECEA anagwirizana pa misonkhano yawo ya 1973 ndi 1976 kuti magulu ang'onoang'ono a akhristu akhale maziko a Mpingo. Ku Malawi, amene anatsogolera ganizoli anali Episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe. Kuchigwa cha Shire dongosololi linagwira mizu chifukwa linayankha vuto lomwe linalipo kale, la midzi imene wansembe amaifika mwa apo ndi apo.

Pakati pa wansembe ndi anthu pali katekisiti. Iyeyu amaphunzitsa makalasi a ubatizo ndi ulimbitso, amasunga mayina a akhristu, amatsogolera mapemphero ndi maliro, ndiponso ndi amene amadziwitsa bambo mfumu za mavuto a m'mabanja. Wansembe akhoza kusamutsidwa patatha zaka zochepa, koma katekisiti amakhalitsa, ndiye kawirikawiri amawadziwa bwino anthu kuposa wina aliyense pa parishi.

Tsiku Lamulungu

Pa likulu la parishi pamakhala Misa Lamulungu lililonse, ndipo pamene akhristu ndi ambiri Misa zimakhala ziwiri. Ya m'mawa kwambiri imakondedwa chifukwa cha kutentha. Chigwa cha Shire ndi limodzi mwa madera otentha kwambiri m'Malawi, moti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo tchalitchi cha malata chikadzaza dzuwa lili paliwombo, okalamba ndi ana amavutika. Anthu amabwera wapansi, pa njinga zawo kapena pa kabaza.

Misa imachitika m'Chichewa, ndipo mawu a Mulungu amawerengedwa m'Chichewa. Koma ku Nsanje ndi kum'mwera kwa Chikwawa, chiyankhulo cha kunyumba kwa anthu ambiri ndi Chisena, pamene ena amayankhula Chimang'anja. Motero si zachilendo kumva wolalika akusakaniza ziyankhulozi, kapena kwaya ikuimba nyimbo ya m'Chisena ndi ng'oma. Kutsogolo kwa mdipiti wolowera kumakhala ana ovina ndi anyamata otumikira pa guwa. Pa nthawi ya zopereka, mphakati umene uli pa ntchito sabata imeneyo umabweretsa mphatso za ansembe monga ufa, mpunga, nyemba, nkhuku, nsomba ndi sopo. Zimenezi si mwambo chabe, chifukwa ndi zomwe zimadyedwadi kunyumba ya ansembe.

Misa isanathe pamakhala zolengeza, zomwe nthawi zina zimatenga nthawi yaitali ngati ulaliki. Apa ndi pamene anthu amamva za maukwati amene akubwera, mayina a odwala, misonkhano ya mabungwe, ndalama zimene zasonkhedwa ndi mphakati umene udzasese tchalitchi Loweruka. Makalata a maepiskopi amawerengedwanso pa tsiku lomweli. Yotchuka kwambiri ndi ya pa 8 Malichi 1992, yomwe inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse n'kudzudzula zina za ulamuliro wa chipani chimodzi. Episkopi Mkhori wa Chikwawa anali mmodzi mwa amene anaisaina.

Ku nthambi zinthu zimasiyana. Wansembe amayendera nthambi mosinthanasinthana, ndiye mudzi wina ukhoza kudikira masabata angapo, mwinanso miyezi m'nyengo ya mvula, usanaone Misa. Masabata enawo akhristu amachita mapemphero opanda wansembe, otsogoleredwa ndi katekisiti kapena mkulu wa tchalitchi. Amaimba, amawerenga mawu a tsikulo, mmodzi amalalika, amapereka chopereka, koma nsembe ya Ukaristia sichitika. Tsiku limene wansembe wafika, ntchito zonse zodikira zimachitikira limodzi: kulapa, kubatiza ana, kudalitsa maukwati, kuona odwala ndi kumva milandu ya m'mabanja. Mwambo wa tsiku lotere ukhoza kutha madzulo.

Pakati pa sabata

Pa likulu pamakhala Misa yaifupi ya m'mamawa, yomwe amabwera ndi anthu ochepa, makamaka okalamba, masisitere ndi ogwira ntchito pa mishoni. Anthu ambiri nthawi imeneyo amakhala ali kumunda, kudimba, pa msika kapena m'minda ya nzimbe ya Illovo ku Nchalo, komwe ntchito ya mashifiti imachititsa ena kujomba ngakhale Lamulungu.

Mphakati umakumana kamodzi pa sabata, kawirikawiri madzulo dzuwa litapepa, pakhomo pa mmodzi wa mamembala ake. Tsiku limasiyana malinga ndi mgwirizano wa anthu. Amakhala pa mphasa pansi pa mtengo, amawerenga Mthenga Wabwino, ndipo aliyense ali ndi ufulu wonena zimene mawuwo amukhudza. Akatha kupemphera amakambirana za odwala, za amene asiya kubwera ku tchalitchi ndi za zopereka. Pa misonkhanoyi amayi amachuluka kuposa abambo, ndipo limeneli ndi dandaulo lomwe limamveka m'maparishi ambiri a m'Malawi. Mphakati uli ndi mphamvu ndithu. Munthu wofuna kubatizitsa mwana kapena kumanga ukwati amayamba wadzera kwa atsogoleri a mphakati wake, amene amamuchitira umboni kwa bambo mfumu.

Mabungwe ali ndi masiku awo. Bungwe la amayi a Katolika, lodziwika ndi dzina lakuti CWO, limayendera odwala, limaphika pa zochitika za parishi ndiponso limalangiza atsikana ndi mabanja atsopano. A Lejiyo ya Maria amakumana sabata iliyonse, amapemphera kolona ndipo membala aliyense amapereka lipoti la ntchito imene anapatsidwa. Palinso bungwe la abambo, a Mtima Woyera wa Yesu amene amasunga Lachisanu loyamba la mwezi, achinyamata a YCS ndi YCW, ndi ana a Tilitonse. Makwaya amaphunzira nyimbo kawiri kapena katatu pa sabata. Loweruka ndi tsiku losesa ndi kukongoletsa tchalitchi, la makalasi a katekisimu, la kulapa, komanso la maukwati.

Kalendala ya Mpingo imawonjezera zina. M'nyengo ya Lenti kumakhala Njira ya Mtanda Lachisanu lililonse, ndipo mu Meyi ndi Okutobala anthu amapemphera kolona m'miphakati.

Matenda ndi maliro

Pafupi ndi maparishi ena pali zipatala za Mpingo: St Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula ndi Trinity ku Muona. Mkhristu akagonekedwa, a mphakati wake ndi amene amapita kukamuzonda ndi kuitana wansembe kuti adzamudzoze mafuta a odwala.

Maliro amaimitsa zonse. Uthenga ukafika, a mphakati amasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama, amayi amakagona pa siwa, ndipo kwaya imaimba usiku wonse. Ngati wansembe palibe, mwambo woika maliro amatsogolera ndi katekisiti. Apa ndi pamenenso mikangano imabuka kwambiri. Atsogoleri amafuna kudziwa ngati malemu ankasonkhana ndi anzake ndiponso ngati ankapereka mtulo, ndipo akapeza kuti ayi, mwambo ukhoza kuchepetsedwa. Achibale amaona ngati nkhanza pa tsiku la chisoni, pamene atsogoleri amati popanda lamulo anthu angamakumbukire tchalitchi pa imfa pokha. Mpingo umatsutsanso mwambo wa kupita kufa, womwe umafuna kuti mkazi wamasiye agone ndi mwamuna wina pofuna kuchotsa minyama ya imfa. Mafumu ndi a zaumoyo nawonso akhala akuuletsa chifukwa umafalitsa kachilombo ka HIV.

Nkhani ina yovuta ndi ya maukwati. Amene ali pa mitala kapena amene sanadalitse ukwati wawo mu tchalitchi saloledwa kulandira Ukaristia, ngakhale amabwera ku mapemphero ndi kuthandiza pa ntchito zina. Pakati pa Asena, ukwati umayendera lobola, ndiye banja limatha kukhala zaka zambiri lisanadalitse ukwati podikira kumaliza kulipira.

Chuma cha parishi

Kale mishoni zinkadalira thandizo lochokera ku Ulaya, koma masiku ano maparishi amalimbikitsidwa kudziimira paokha. Ndalama zimachokera ku chopereka cha Lamulungu, mtulo wa pa chaka, masika operekedwa anthu akakolola, ndi masiku apadera osonkha ndalama za chitukuko. Zonsezi zimadalira ulimi. Chaka chimene mapira, mchewere, thonje ndi chimanga cha m'madimba zachita bwino, parishi imapeza mafuta a galimoto yoyendera nthambi. Chaka cha chilala chopereka chimatsika, maulendo a wansembe amachepa, ndipo anthu omwewo amene ankapereka ndi amene amabwera ku parishi kudzapempha chakudya.

Nyengo ya madzi osefukira

Kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndondomeko ya parishi imadalira mitsinje. Shire, Ruo, Mwanza ndi timitsinje tochokera m'mapiri a Thyolo zikadzaza, misewu imaduka ndipo nthambi zina zimafikika pa bwato pokha. Dera la Makhanga, lomwe lili pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndi limodzi mwa malo amene amadukidwa kawirikawiri. Chigwachi chinakhudzidwa kwambiri ndi madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023.

Pa nthawi zotere matchalitchi ndi sukulu za pamtunda zimasanduka malo othawirako, ndipo ogona mmenemo sakhala Akatolika okha. CADECOM, nthambi ya Mpingo yoona za chitukuko, imagawa chakudya, mbewu ndi ziwiya mothandizana ndi boma ndi mabungwe ena. Boma likasamutsira anthu kumtunda, mphakati umagawika, ena kupita kumalo atsopano ena kutsalira pafupi ndi madimba awo, ndipo katekisiti amayamba kulembanso mayina a akhristu.