Chiimirire si tchipisi ayi

Ambiri akamva mawu akuti chiimirire amangoganiza za tchipisi. Komatu mawuwa achokera ku "kuimirira", ndipo amanena za kadyedwe: kudya uli chilili, pomwepo pamene chakudyacho chikuphikidwira.

Pamsika wa Bolero ku Rumphi, kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, mlimi wa fodya amafika pachiwaya, n'kuloza nthuli ya mbuzi yomwe ikuthetheka m'mafuta. Amaithira mchere ndi tsabola, n'kudyera pomwepo asanakwere kabaza. Chimenecho ndiye chiimirire.

Mwana wake wopita ku Joni akagula mpunga wokazinga wa Chitchaina pabwalo la ndege la OR Tambo, amadya atakhala pampando, mbale ili patebulo. Chakudyacho n'chachangu ndithu, koma amenewo ndi malo odyera, pachiimirire ayi.