Maina ndi Mabwinja a Migodi ya ku Cornwall

Kumapeto kwa dziko la Mangalande, cakummwera ndi kumadzulo, kuli cigawo cochedwa Cornwall. Nyanja yamcere yacizinga pafupi-fupi mbali zonse, ndipo mtsinje wa Tamar ndiwo malire ake ndi Devon. Kucokera kale lomwe, zaka zoposa 3,000 zapitazo, anthu a kumeneko anali kukumba tini, citsulo coyera cija amakutira naco zitini. Pambuyo pake anayamba kukumbanso mkuwa.

Mlendo akafika amadabwa ndi maina a midzi, pakuti si a Cingerezi ai. Eni dziko anali ndi cinenero cao-cao. Cinenero cimeneci cinazimirira pang'ono-pang'ono, ndipo ambiri amati Dolly Pentreath, mai wa ku Mousehole amene anamwalira mu 1777, anali mmodzi wa otsiriza kuciyamwira. Ena anaciukitsanso pambuyo pake, koma maina okha sanafe konse. Mau akuti Tre ndiye kuti mudzi, Pol ndi dziwe, Pen ndi mutu kapena nsonga ya mtunda. Cotero Penzance ndi "mutu woyera." Redruth ndi "dooko lofiira," ndipo akuti madzi a pamenepo anali kufiira ndi matope ocokera kumigodi. Dzina loyamba ndi Wheal limasonyeza malo a nchito, ndiye kuti mgodi.

Mdani wamkuru wa okumba anali madzi. Dzenje likazama, madzi anali kudzazamo. Cifukwa cace anamanga nyumba zamiyala zazitali, ndi cumuni pambali pake, zosungiramo injini za nthunzi zopopa madziwo. Ndi mphamvu ya injinizi mgodi wa Dolcoath, pafupi ndi Camborne, unazama kupitirira mapazi 3,000. Ku Botallack nyumba ziwiri zotere zakhala pathanthwe, mafunde alikuomba pansi pake, pakuti njira za mgodiwo zinalowa kunsi kwa nyanja.

Nchitoyi inadya anthu ambiri. Ku Levant amuna anali kutsika ndi kukwera ataima pa mtanda wautali wa mapondero, umene injini inali kuukweza ndi kuutsitsa. Pa 20 October 1919 citsulo cogwira mtandawo cinathyoka, ndipo anafa amuna 31. Nzosadabwitsa kuti anthu okhala pafupi ndi imfa cotere anakonda kupemphera. John Wesley analalikira kawiri-kawiri m'dzenje la Gwennap Pit, kuyambira mu 1762, ndipo dzenjelo lilipobe, la mipando yozungulira ya udzu.

Mu 1866 mtengo wa mkuwa unagwa, migodi yambiri nitsekedwa. Amuna anasiya akazi ndi ana napita ku Australia, ku Amereka, ku Kimberley ndi ku Johannesburg. Ku Joni kumeneko anakumba golide m'migodi yomwe ija anapitako amuna a ku Nyasaland, ngakhale malipiro a Azunguwo anali akuru ndithu kuposa a anthu akuda.

Mgodi wotsiriza wa tini, South Crofty, unatsekedwa mu 1998. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika mabwinja a migodiyi pa mndandanda wa malo oyenera kusungidwa ndi dziko lonse lapansi. Ku Geevor, kumene nchito inaleka mu 1990, alendo amabvala zisoti za okumba nalowa m'njira yakale ya pansi, yopapatiza ndi yonyowa, akuyenda cowerama.