Ilala Yoyamba, Ngalawa Imene Idayenda pa Mitu ya Anthu

Ana a ku Kandeu akamva dzina lakuti Ilala amaganiza za sitima ija idayamba kuyenda pa nyanja m'chaka cha 1951. Tsono inu amene mudzawaphunzitsa mbiri muyenera kudziwa kuti imeneyo idangolowa dzina. Mwini dzina adali kangalawa ka moto kotalika mapazi osafika 50, kamene kadapangidwa ku London m'chaka cha 1875. Adakatcha Ilala pokumbukira dziko limene Livingstone adamwalirako mu 1873.

Pofika nayo pa mathithi a Shire, Edward Young ndi Dr. Robert Laws adaipasula zidutswazidutswa, pakuti pamenepo bwato silipita. Mafumu a Amakololo adamema amtengatenga mazanamazana, amene adasenza zitsulozo pamutu m'dzuwa la chilimwe, m'njira za miyala, kufikira kumtunda kwa mathithi kumene adaimanganso. Maina a Azungu aja alembedwa m'mabuku, koma a osenzawo sadalembedwe, ngakhale kuti popanda makosi ao ngalawayo ikadachita dzimbiri kumunsiko. Pa 12 October 1875 idalowa m'nyanja, ndipo amishoni adamanga pa Cape Maclear.

Poyamba idali ya Mishoni ya Livingstonia, koma mu 1882 idapita m'manja mwa African Lakes Company, imene makolo athu adaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir. Kuyambira pamenepo ntchito yache idali ya malonda: kukwera ndi nsalu ndi mikanda, kutsika ndi minyanga ya njobvu. Moto wache udali wa nkhuni, motero midzi ya m'mbali mwa madzi idaphunzira kugulitsa mitengo imene kale idali yongotola. Pa nkhondo yolimbana ndi Mlozi ku Karonga, kuyambira 1887, idanyamulanso mfuti ndi onga.

Kwathu kuno utsi wache sudaoneke, koma malonda ache adatifika. Mu 1884 Angoni a Chikuse adaoloka Shire kukathira nkhondo ku mapiri a Blantyre. Sizidapite zaka zambiri, anyamata a m'dziko lomweli adayamba kutsata njira yomweyo opanda zishango, kukasenza katundu wa Azungu kuti alandire nsalu. Funsani nkhalamba za kwa Ganya chimene agogo ao adawauza za ulendo umenewo, ndipo mulembe ziri ndi moyo.