Kulondola Makolo a Angoni a kwa Mpezeni

Usiku uno tikambe za funso limene ana obadwira ku Kitwe, ku Luanshya ndi ku Lusaka amafunsa akulu ao: kodi ife tinacokera kuti? Atate amayankha kuti, "Ndife Angoni a kwa Mpezeni," nkhani nithera pomwepo. Koma yankho limeneli silikwana, pakuti anthu amene anayamba kumanga midzi ya Angoni m'dziko la Chipata sanali a mtundu umodzi ai.

Mfumu Zwangendaba, wa ciwongo ca Jere, anacoka kumwera m'masiku a nkhondo za Shaka, naoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu November 1835. Caka cimeneci ticidziwa bwino cifukwa akulu anasunga mau akuti pa tsiku la kuoloka dzuwa linada masana, ndipo ophunzira za nyenyezi atawerengera anapeza kuti kadamsana anaonekadi m'mwezi umenewo. Zwangendaba anamwalira kutali, ku dziko la Afipa, anthu ace nagawikana. Mwana wace Mpezeni anabwerera kumwera, nakhala zaka pakati pa Ansenga, pambuyo pace namanga m'dziko la Acewa a kwa Mkanda.

Pa ulendo wonsewo khamu linali kukula ndi anthu ogwidwa pa nkhondo. Wogwidwa anali kupatsidwa malo pa banja la womgwira, mnyamata nalowa m'gulu la ankhondo, ndipo wolimba mtima anatha kufika pa unduna; koma ciwongo cace sanali kumlanda. Cifukwa cace munthu wofuna makolo ace ayambe ndi ciwongo. A Jere ndiwo a banja lacifumu. A Moyo ndi a Soko kawirikawiri makolo ao anatengedwa kwa Akalanga, Zambezi asanaolokedwe. A Sakala, a Mumba, a Lungu ndi a Daka aloza kwa Ansenga. A Phiri, a Banda, a Mbewe ndi a Mwale kwa Acewa. Pasakhale wocita manyazi ndi ici, popeza ngakhale cinenero ca Angoni a kwa Mpezeni lero cili pafupi ndi Cinsenga, cifukwa ana anayamwa mau a amai ao.

Pano pali msampha. Angoni amawerenga mibadwo potsata atate, koma Ansenga ndi Acewa potsata amai. Motero munthu mmodzi akhoza kukhala ndi ciwongo ca kwa atate ndi pfuko la kwa amai, ndipo wofunsa cimodzi cokha amataya theka la makolo ace.

Zolembedwa za anthu wamba ziyamba mocedwa. Mu January 1898 asilikari a Azungu anathyola nkhondo ya Angoni; Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaomberedwa mfuti, ndipo Mpezeni mwini anamwalira mu 1900. Boma la Fort Jameson, limene lero ticha Chipata, linakhazikika mu 1899, ndipo posacedwa unadza msonkho wa nyumba. Akalaliki analemba amuna amsonkho mudzi ndi mudzi, pansi pa dzina la mwini mudzi ndi la mfumu. A misyoni ya Dutch Reformed anamanga pa Magwero mu 1899 ndi pa Madzimoyo mu 1903, ndipo m'mabuku a ubatizo ndi a ukwati ndimo mmene maina a akazi ndi ana ayamba kuoneka. Abwana a boma anali ndi mabuku ao ochedwa District Notebooks, mmene analemba mizere ya mafumu. Mabuku amenewo asungidwa ku National Archives ku Lusaka. E. H. Lane Poole anasonkhanitsa mbiri za mafuko a cigawo cimeneci m'buku lace la 1934.

Koma pepala lisakunyengeni cifukwa cakuti ndi pepala. Mzungu wa boma anasamala mafumu, pakuti anafuna kudziwa woyenera kulowa ufumu. Mphawi anamlemba pofuna ndalama yace basi. Munthu pobatizika analandira dzina latsopano, popita ku migodi ya ku Southern Rhodesia kapena kuno ku Copperbelt nadzicha lina la pa nchito, ndipo ena anayenda ndi citupa ca mbale wao. Agogo amodzi akhoza kuoneka m'mabuku atatu monga anthu atatu.

Nao mau a pakamwa ali ndi cilema cao. J. A. Barnes wa Rhodes-Livingstone Institute, amene anakhala m'midzi ya Angoni pakati pa 1946 ndi 1949 nalemba mibadwo ya mabanja, anaona kuti anthu amakumbukira makolo amene maina ao ali ndi nchito pa colowa ndi pa udindo, naiwala otsalawo. Ine ndiyesa kuti oiwalika ambiri ndiwo akazi aja ogwidwa, amene anabala mtundu wonse. Ndico cifukwa cace mufunse agogo aakazi paokha, amuna kulibe. Adzachula maina amene sachulidwa pa bwalo.

Wina adzati, nanga phindu lace nciani kwa munthu wa m'tauni? Tsiku limene mudzaleka nchito ndi kupita kukapempha malo a munda, mwini mudzi adzafunsa kuti ndinu mwana wa yani, wa yani, ndipo citupa ca ku mgodi sicidzakuyankhirani. Mlandu wa colowa ndi wa ufumu wa mudzi umaweruzidwanso ndi maina omwewo.

Amene makolo ao anagwira nchito m'migodi adziwe kuti zolembedwa zakale za makampani a mkuwa zisungidwa ku Ndola. Koma kaya ku Ndola, kaya ku Lusaka, kaya ku misyoni, musapite ndi dzina la munthu lokha. Tengani maina ace onse, ciwongo, pfuko, mudzi ndi mfumu. Mufunsenso kumene mudziwo unali kale, pakuti midzi yambiri inasunthidwa pamene malo anapatsidwa kwa kampani ya North Charterland, ndipo ina inasunthidwanso m'zaka za 1940 boma litagula malowo.