Mphamvu zinapita ku anthu, nanga phala la ana analipira ndani?

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero tikumbutsane mbiri ya sukulu za mkombaphala za kumudzi, zija timazitchula kuti ma CBCC.

Mu 1994 boma linathetsa fizi ya kupulayimale, koma mwana wosakwana zaka 6 anatsalabe pamsana pa makolo. Mu 1998 kunabwera lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu. Makhonsolo anapatsidwa ntchito zambiri, kuphatikizapo za chisamaliro cha anthu, zoti aziyendetsa ndi ndalama zochokera ku boma lalikulu, ziphaso za m'misika ndi misonkho ya malo m'mizinda. Mu 2003 kunatulukanso ndondomeko ya mmera mpoyamba.

Papepala zonse zinali bwino. Koma makhansala amene anasankhidwa mu 2000 anamaliza nthawi yawo mu 2005, ndipo ena anadzasankhidwa mu 2014. Kwa zaka 9 panalibe khansala woti n'kulankhulira ana a m'dera lake pogawa ndalama za khonsolo.

Katundu anausenza ndi mudzi. Makolo ankasonkha ufa ndi nkhuni, mafumu kupereka malo, alezi kugwira ntchito mongodzipereka, mipingo ndi mabungwe kuthandiza pamene angathe. Kumene izi zinakanika, mtsikana wa Fomu 2 ankajomba kuti alere mng'ono wake amayi ali kumunda. Ife aphunzitsi tinkaziona mu rejisitala.

Mukamva kuti khonsolo ikukonza bajeti, kafunseni khansala wanu kuti za mmera mpoyamba aikapo zingati.