Mkulu wa Maphunziro m'Zigawo za America: Maudindo ndi Mawu Ake

Sukulu za boma ku United States siziyendetsedwa kuchokera ku Washington. Malamulo aakulu a dzikolo satchula za maphunziro, choncho ntchitoyi ili m'manja mwa zigawo 50 zotchedwa states, zomwe chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake ndi nyumba yake ya malamulo. M'chigawo chilichonse muli munthu mmodzi wotsogolera dipatimenti ya maphunziro, koma dzina la mpando wake limasinthasintha. Ku California amati Superintendent of Public Instruction, ku New York ndi ku Texas amati Commissioner of Education, pomwe ku Pennsylvania amati Secretary of Education. Akasonkhana pamodzi amadzitcha chief state school officers.

Chofunika kuposa dzinalo ndi njira yomwe munthuyo wafikira pampando, chifukwa ndiyo imaonetsa amene iye amamuopa. Ku California amasankhidwa ndi anthu pa chisankho zaka zinayi zilizonse. Ku Texas amamusankha ndi bwanamkubwa. Ku New York amaikidwa ndi bungwe loyang'anira maphunziro la Board of Regents. Wosankhidwa ndi anthu akhoza kutsutsana ndi bwanamkubwa poyera osachotsedwa, koma amayenera kuchita kampeni ngati wandale wina aliyense. Woikidwa ndi bwanamkubwa amakhala pafupi ndi mwini thumba la ndalama, ngakhale kuti nthawi zambiri mpando wake umagwedezeka boma likasintha.

Mawu akuti superintendent amasokoneza, poti amagwiritsidwanso ntchito pa mkulu wa school district. District imeneyi si boma m'tanthauzo la Chichewa lakuti dera lolamulidwa ndi bwana DC. Ndi gulu la sukulu za mumzinda kapena m'dera limodzi, lokhala ndi bodi yakeyake yomwe kawirikawiri imasankhidwa ndi anthu a komweko. Madera otere alipo pafupifupi 13,000, ndipo Hawaii yokha ndiyo ili ndi dera limodzi m'chigawo chonse. Madera ndiwo amalemba aphunzitsi ntchito, kumanga sukulu ndi kutolera gawo la ndalama kudzera mu msonkho wa nyumba ndi malo. Ufulu umenewu amautcha local control, ndipo anthu a ku America amaunyadira kwambiri. Kuipa kwake n'koonekeratu: kumene nyumba zili zodula, sukulu zimapeza ndalama zambiri, pamene ana a kumalo osauka amatsalira. Kuchepetsa kusiyana kumeneku ndi gawo lolemera kwambiri la ntchito ya mkulu wa maphunziro wa chigawo.

Mpandowu unayamba wopanda mphamvu zenizeni. Mu 1837 Horace Mann, loya yemwe anali mtsogoleri wa Senate ya chigawo cha Massachusetts, anasiya ndale n'kukhala mlembi woyamba wa bodi ya maphunziro ya chigawocho. Analibe ulamuliro wolamula tauni iliyonse kuchita kanthu. Chida chake chinali kuyenda m'matauni, kuchititsa misonkhano, kuwerenga ana ndi aphunzitsi, ndi kulemba zomwe waona. Malipoti ake a pachaka anakwana 12 pofika 1848, ndipo anawerengedwa kutali ndi kwawo. Iye ndiye anatchukitsa mawu akuti common school, kutanthauza sukulu yolipiridwa ndi msonkho momwe mwana wa wolemera ndi wa mmphawi amakhala pa benchi imodzi. M'nthawi yake, mu 1839, ku Lexington kunatsegulidwa normal school yoyamba ya boma, yomwe ndi sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Ntchito ya Mann ikusonyeza chinthu chomwe sichinasinthe mpaka lero: mkulu wa chigawo amapambana ndi umboni ndi kukopa anthu, osati ndi chibakera.

Masiku ano ambiri ofika pa mpandowu amakwera makwerero a m'kalasi. Miguel Cardona anayamba ndi kuphunzitsa giredi 4 ku Meriden, m'chigawo cha Connecticut, kenako anakhala mphunzitsi wamkulu, pambuyo pake wachiwiri kwa mkulu wa dera lakwawo. Mu 2019 anaikidwa kukhala commissioner wa chigawo chonse, ndipo mu 2021 anakhala nduna ya maphunziro ya dziko lonse. Wilson Riles anadutsa njira ya chisankho: anapambana ku California mu 1970, kukhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa pa mpandowo, ndipo anakhalapo mpaka 1983.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku imazungulira pa mawu ochepa. Standards ndi mlingo wa zomwe mwana ayenera kudziwa pa giredi iliyonse. Chigawo chimaika mlingowo, koma m'zigawo zambiri mabuku ndi kaphunzitsidwe zimasankhidwa ndi madera. Licensure ndi kupereka ziphaso za uphunzitsi komanso kuzilanda. Title I ndi ndalama za boma la Washington zothandizira sukulu za ana osauka, zomwe zinayamba ndi lamulo la 1965, ndipo zimadutsa mu ofesi ya chigawo zisanafike kumadera. Washington imapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zonse za sukulu, koma zimabwera ndi mfundo zoyenera kutsatidwa.

Mawu amene akulitsa mphamvu za mpandowu ndi accountability, kutanthauza kuti sukulu iyankhepo pa zotsatira za ana ake. Lamulo la No Child Left Behind, lomwe linasainidwa mu 2002, linalamula mayeso a kuwerenga ndi masamu chaka chilichonse kuyambira giredi 3 mpaka 8. Lamulo lolowa m'malo mwake mu 2015, Every Student Succeeds Act, linasunga mayesowo koma linasiyira zigawo kusankha chochita ndi sukulu zolephera. Chilango chachikulu ndi takeover, pamene chigawo chimalanda ulamuliro wa dera. Zinachitika ku Houston mu 2023: commissioner wa Texas, Mike Morath, anaimitsa bodi yosankhidwa ndi anthu, n'kuika bodi ina ndi mkulu watsopano wa sukulu za mumzindawo.